Nyika za ku Chiang Mai

Mu Novembala 2023, atatuluka m'kachisi wina ku Chiang Mai, Fanizo anagulira mayi ake, a Juliana, mbale ya msuzi wa pamsewu.

A Juliana atavundula, anapezamo mizu ya maluwa a m'madzi, maluwa omwe aja anthu ankapereka nsembe m'kachisimo.

"Iwe, izitu ndi nyika! Wandikweza ndege kuti ndidzadye chakudya cha njala?"

"Kuno n'zapamwamba, amayi," Fanizo anaseka.

Mu 1992, agogo ake a Fanizo, malemu mayi awo a Juliana, ankamira m'dambo la Ndindi ku Nsanje kukazula nyika, ng'ona zili pomwepo. Njala itatha, a Juliana analumbira kuti sadzazilawanso.

Nthunzi ya msuziwo inanunkha ngati chitenje chonyowa cha mayi awo.

"Idyani, uzizira," anatero Fanizo.

A Juliana sanadye, koma mbaleyo anakana kuibweza.