Mzere wa Aliya Wadzuka

A Hawkins, alangizi a zaumoyo, anamutsitsa Aliya pasikelo n'kuika kadontho pa girafu yoonetsa kakulidwe ka mwana m'buku lake lakuchipatala. Mwanamisi, mayi wa mwanayo, anayang'ana kumbali. Miyezi itatu yonse yam'mbuyomo mzere wa kulemera kwa Aliya unali chigonere.

"Amayi, taonani kuno," anatero a Hawkins akulumikiza madonthowo. "Kuchokera mwezi watha, tayenda mabokosi angati cham'mbali?"

"Limodzi."

"Nanga chokwera?"

Mwanamisi anawerenga ndi chala chakuda ndi makala amene amagulitsa. Anabwerezanso.

"Awiri."

"Eya. Mzere wosindikizawu, wa ana okula bwino, ukukwera bokosi limodzi pamwezi. Wanu ukukwera awiri. Mukapitiriza chonchi, muupeza."

Masamu omwewa ndi amene ankamuliza Mwanamisi ali Fomu 2. Palibe anamuuzapo kuti phala lansinjiro la m'mawa uliwonse lingaoneke papepala, litaimirira chonchi.

"Ndiye mwanayu akukwera phiri," anatero Mwanamisi motsitsa mawu.

Anamubereka Aliya kumsana. Pa chitunda chopita kwawo ku Bangwe, mfundo ya chitenje inayamba kumuluma pachifuwa chifukwa cha kulemera kwa mwanayo. Sanaimasule.