Mphira ya Njinga m'Kabuku ka Valdemar

"Ndiye 'Dona Chikondi' wolemba timabuku tija ndinu?" anafunsa Mayi Efigénia, mtsogoleri wa amayi a mpingo ku Fonte Boa, ataima pakhomo pa kasitolo ka fotokopiya ku Ulongwe.

Valdemar, kalaliki wa ku sekeretariya ya sukulu, anali atanyamula timabuku tikadali totentha m'manja. Ankalemba yekha, kusindikiza yekha, n'kumagulitsa mobisa nkhani za mwamuna ndi mkazi opangana kumangana manja kuchipinda. Adirekitori a sukuluyo akanangomva, ntchito ikanathera pomwepo.

"Mayi, n'zopeka chabe. Komanso anthu ake ndi akuluakulu, amayamba agwirizana kaye."

"Zoti n'zopeka ndadzionera ndekha," anatero mayiwo. "Mwalemba kuti mkazi anamanga mwamuna wake ndi mphira ya njinga. Munthu ndi thumba la kachewere? Mphira imaluma, magazi sayenda. Khasu akaligwira bwanji manja atatupa?"

Valdemar anafunsa kuti, "Nanga akanamanga ndi chiyani?"

"Duku. Mfundo yake ikhale yoti womangidwayo amasule yekha akafuna. Inu ngakhale mbuzi simunamangepo, koma mwati muphunzitse mabanja. Mupundula amuna a eni."

Mayiwo anatsomphola kabuku katsopano n'kukabisa m'chikwama, pansi pa kolona.

Panja, amuna awo, akatekisita Arlindo, ankadikira atagwira njinga ndi nsonga za zala zokha. Dzuwa linkaswa mtengo, koma iwo anali atavala malaya a mikono italiitali, mabatani atamanga onse.