Dzanja la Wometa Tsitsi

Pepala linali lisanasainidwebe. Namwino anayang'ana wotchi ya pakhoma. Adokotala anali atatsala ndi wodwala mmodzi, kenako bedi nambala folo.

Pa bedi nambala folo panali mkulu wina wometa tsitsi. Wa imvi, ndevu zosalala, wosalankhulalankhula. Mtima wake unkafunika kuuona mkati. Kachitidwe kake n'kodziwika. Amalowetsa kapaipi kowonda mumtsempha n'kukayendetsa mpaka kumtima. Makomo ndi awiri. Pamkono, pomwe munthu amamangira wotchi. Kapena m'mphechepeche mwa ntchafu.

"Pantchafu," anatero mkuluyo. Aka kanali kachitatu.

Namwino anakoka mpando n'kukhala.

"Bambo, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku aja, ntchito yake mukuidziwa?"

"Amasungunula magazi. Ndikadzicheka ndi lezala, thaulo lonse limafiira."

"Ndiye mwadziyankha nokha. Mtsempha wa pantchafu ndi waukulu, uli mkati. Ukayamba kutaya, magazi amabisala m'thupimo ife tili pano tikuseka nanu. Wa pamkono wagona pamwamba pa fupa. Ukavuta, chala chimodzi, watseka."

"Zomveka."

"Ndiye sainani."

"Pantchafu."

Namwinoyu anali atagwira ntchito m'chipinda chimenechi zaka khumi ndi zinayi. Okana anawaonapo a mitundu yonse. Oopa jakisoni. Odikira mawu a mwana wawo wamkulu. Ena oti msuweni wa neba wawo anafa ndi zomwezi, koma dzina la msuweniyo salidziwa. Aliyense amakhala ndi pomwe pamuwawa. Ntchito ndi kupapeza.

Anayang'ana manja a mkuluyo. Zikhadabo zoyera, zodulidwa bwino. Pa chala chachikulu, khungu lolimba pomwe sizasi yakhala ikudya kwa zaka makumi anayi. Basi, anaipeza nkhani.

"Mukuopera dzanja," anatero.

Mkuluyo anatembenuza chikhatho n'kuchiyang'ana ngati cha munthu wina. "Dzanja ndi dzanja."

"Tidzera lamanzere."

"Lamanzere limagwira chipeso."

"Chipeso chidikira masiku atatu. Makasitomala anu tsitsi siliwafika m'maso." Namwino anayamba kuwerenga ndi zala. "Mvetserani. Pantchafu mugona chagada maola sikisi. Mwendo osaupinda. Kukodza m'botolo, katani ili lokana kutsekekali. Ndi mankhwala anuwo, tikugonekani kuno mpaka mawa, mwina mkuja. Pamkono, folo koloko muli pageti."

Mkuluyo anatsinzina. "Mpaka mkuja," anabwereza chapansipansi.

Namwino anaona kuti mawu alowa. Palibe munthu wamkulu amene amakonda kukodza m'botolo. Anamupatsa cholembera. Mkuluyo anachilandira ndi manja awiri, mwaulemu, n'kuchiika pa pilo.

Apo adokotala anatulukira, akupukuta m'manja. Mayi wamfupi, wothamanga nthawi zonse. Sanakhale pansi. Anawerenga faelo ataimirira, nagwira mkono wa mkuluyo kumvetsera kugunda kwa mtsempha.

"Mtsempha wabwino uwu. Vuto n'chiyani?"

"Akuopera dzanja," anatero namwino. "Amameta."

"Bambo, ine pantchafu sindidzera. Osati ndi magazi anuwa. Sindikufuna kukufunafunirani mabotolo a magazi madzulo ano. Mukakana pamkono, bwererani kunyumba, tidzaonana mwezi wamawa. Ngati mtimawo uli ndi ulemu wodikira."

"Kubwerera lero lomwe?"

"Pompano."

Mkuluyo anatola cholembera pa pilo. Anasaina.

Ntchito inatenga mphindi makumi anayi. Mtsempha umodzi wa kumtima unali utachepa pang'ono. Adokotala anati mapiritsi akwanira. Anamubweza pa bedi nambala folo ali ndi kalamba kampweya pamkono, koonekera mkati, kothinitsa pabalapo.

Namwino ankabwera pafupipafupi kudzachotsa mpweya pang'onopang'ono. Nthawi iliyonse ankamupeza mkuluyo atakweza mkono pafupi ndi nkhope, akuyang'anitsitsa pansi pa kalambako. Tiyi anazizira pa kabati. Wa pa bedi nambala faifi anayesa kumuyambitsa nkhani ya mpira, anangoyankhidwa ndi mutu.

"Silithawa dzanjalo, bambo," anatero namwino.

"Ndikungoona."

Hafu pasiti firii namwino anachotsa kalamba konse. Pouma. Kadontho kamodzi ngati poluma udzudzu.

"Gwedezani zala."

Zinagwedera zonse zisanu.

"Fumbatani chibakera. Tambasulani. Mwaona? Lachisanu mukhala mukumeta. Koma ndowa osanyamula, ndipo anzanu okonda kufinya popereka moni muziwapatsa chigongono." Anamata pulasitala, akumva kukoma kwa munthu amene wanena zoona kuyambira m'mawa. "Mantha onse aja apita pachabe."

Mkuluyo anasisita m'mbali mwa pulasitala ndi chala. Anadikira. Pulasitala inakhalabe yoyera.

"Anesi."

"Bambo."

"Simungalembe kuti pakudontha pang'ono?"

"Sipakudontha."

"Pang'ono pokha. Cholembera si ichi."

"Bambo, anzanu amalira kuti tiwatulutse. Inu mwatani?"

Mkuluyo anakweza maso kudenga, pomwe pankamveka mawilo a bedi likukankhidwa.

"Mayi akunyumba ali mu wodi ya pamwambayi, sabata yachitatu. Adokotala awo akuti mwina Lamulungu safika. Ife alendo, ikakwana faifi mlonda amatithamangitsa." Anagwira kolala ya malaya achipatala amene anavala. "Koma wovala awa samufunsa."