Wojambula wa ku Katowo ndi Chithunzi cha Muriel

Panali munthu wina ku Katowo, dzina lake Overton Gondwe, wojambula zithunzi. Anali masiku aja a chipani chimodzi, pamene mumsika sunkalowa wopanda khadi, koma maukwati ankakoma, ndipo ukwati wopanda kamera ya Overton sunali ukwati. Nkhope ankazidziwa munthuyu! Mkwatibwi akazolika mwamwambo, iye ankangomuyang'ana n'kunena kuti, "Uyu akuseka chamumtima," anthu n'kufa nazo.

Mayi ake anali atamuchenjeza. "Mwana wane, malume ako anazungulira mutu, agogo akonso chimodzimodzi. Zili m'magazi mwathu. Ena asute, koma iwe chamba usachiyandikire."

Tsiku lina pa geti la Thazima, lolowera kunkhalango yosungirako nyama, anakumana ndi dalaivala wina wachilendo amene ankasuta chamba.

"Kokani kamodzi, achimwene, maso atseguke," anatero mlendoyo. "Zithunzi zizituluka bwino chomene."

Overton anakoka. Kamodzi kanabala kawiri, mpaka chinasanduka chizolowezi.

Posakhalitsa anayamba kumva mawu amene ena sankawamva, ndipo nkhope za anthu zinamusokonekera. Womwetulira ankamuona ngati akumunyoza, womumvera chisoni ngati akumukonzera chiwembu. Pa ukwati wina ku Nchenachena anamenyetsa kamera pansi. "Bwanji nonse mukundiopseza ndi maso?" anakuwa motero. Chonsecho anthu anali akungomwetulira, kudikira chithunzi.

Atafika kunyumba, mkazi wake Muriel analira pomuona.

"Ukundiseka eti?"

"Ndikulira, bambo a Nelly. Misoziyi simukuiona?"

"Ndikuona mano," anayankha Overton. "Nyamula mwanayo uzipita kwanu."

Muriel anapita. Anabwerako kangapo kudzachonderera, koma ulendo uliwonse ankamupirikitsa ndi mpini. Abale a Overton nawonso anataya nthawi kwa asing'anga, amvekere amulodza a nsanje. Pamene ankamutengera kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba n'kuti madzi atafika m'khosi. Dokotala anati matendawa ndi sikizofureniya, amene amalepheretsa ena kuwerenga nkhope. Anati chibadwa chinali nkhuni zouma, chamba chinangokolezera moto.

Patapita zaka anabwerera ku Katowo, mtima uli m'malo, akumwa mankhwala. Koma Muriel anali atakwatiwa kunyanja, ndipo Nelly ankaitana munthu wina kuti adada.

Amene anakulira ku Katowo akumukumbukira Overton mpaka lero, ndipo zimawawa. Ankakhala pakhonde la golosale, m'manja muli chithunzi chimodzi chimene anajambula yekha ali pachibwenzi. Aliyense wodutsa ankamuimitsa mwaulemu.

"Pepani, tandiuzani. Apapa Muriel wakwiya kapena akuseka?"

Ngakhale mwana ankatha kuona. Mtsikanayo ankamwetulira, maso ali pa mnyamata amene anagwira kamera.

Phunziro: Ngati kwanu kuli matenda a maganizo, chamba ndi mowa si zoyesa. Ndipo m'bale wanu akayamba kuona mkwiyo pankhope zomukonda, musamuseke, musathamangire za ufiti. Pitani naye kuchipatala banja lisanathe. Tumizani nkhaniyi kwa achinyamata onse amene mumawafunira zabwino.