Ngozi ya Loweruka

Kamzere kanatuluka kamodzi kokha pa kachipangizo koyezera magazi, ndipo bambo wogulitsa matayala anapuma mpweya wautali ngati wina wamuchotsa valavu. Anaimirira, n'kukonza tayi, n'kuyamba kutamanda Mulungu mokweza, Mulungu yemweyo amene sanamukumbukire Loweruka lapitalo.

"Khalani kaye pansi, bambo," anatero mlangizi wa pachipatalapo, mayi wa magalasi amene anali ataonapo zisangalalo zambiri zotere. "Mwati zinachitika liti?"

Bamboyo anakhala, koma m'mphepete mwa mpando. Nkhani yake anali ataisita bwino. Silinali tchimo ayi, inali ngozi. Anangopita kunyumba inayake kukasiya katundu. Mayi wa panyumbapo anamulandira bwino, mvula inayamba, galimoto inakana kulira, ndipo aliyense akudziwa mmene Satana amalimbikira ntchito mvula ikamagwa. Kondomu analibe, poti ngozi sakonzekera. M'mawa mwake atabwerera kumene amakhala, anapeza sutikesi yake ili pakhonde. Wokondedwa wake analankhulira pawindo: chitseko chidzatseguka pokhapokha achipatala atanena kuti alibe HIV. Chichokereni tsiku limenelo, bwana wathu wakhala akugona mushopu, tayala la lole kumutu.

Mlangizi anamufotokozera pang'onopang'ono. Zotsatira za lero zikunena za moyo wake wakale, za Loweruka sizikudziwa kanthu. Kachilombo kakalowa m'thupi, pamapita milungu ingapo kuti kachipangizoka kaone chizindikiro m'magazi. Akanabwera masiku atatu asanathe, akanapatsidwa mankhwala oteteza. Tsopano chatsala n'kudikira basi: abwerenso pakatha mwezi, kenako miyezi itatu ikakwana kuti atsimikize. Pakadali pano, kondomu kapena kudziletsa.

"Miyezi itatu! Mayi, ife tayala timangoliviika m'madzi, thovu limatuluka pompo."

"Nanga lija lophwa pang'onopang'ono, dalaivala amalizindikira tsiku lomwelo?"

Bamboyo anayang'ana kudenga. Kenako anayesa njira zimene zimamuthandiza m'maofesi ena. Mlangizi anasanduka achemwali. Achemwali anafunsidwa ngati ali ndi galimoto, komanso ngati matayala ake sanathe. Anapemphedwa kuti angomuimbira foni kamodzi wokondedwa uja, anene mawu awiri okha, "ali bwino", zinazo akambirana okha kunyumba. Achemwali anangopukuta magalasi awo.

Apa m'pamene mwamuna wamkulu uja anasweka. Misozi inalengeza m'maso, ndipo inali yeniyeni. Anati munthu wake uja ndi woyera mtima, sanamulakwirepo, amamuchapira, amamudikira ngakhale achedwe chotani. Kumutaya sangapirire. Koma kumupatsira matenda chifukwa cha mvula ya tsiku limodzi, kuli bwino agone pa matayala mpaka msana upindike.

Mlangizi anamva chisoni. Pa mpando umenewo pamakhala amuna ambiri, koma ofuna kuteteza wa kunyumba amawerengeka. Mumtima anamukhululukira za matayala zija, n'kumupatsa kapepala kopukutira misozi.

"Musalire, bambo, pali njira yochepetsera nkhawa. Bwerani ndi mayi munachita naye ngoziyo, timuyeze. Akazi anunso abwere, ndiwafotokozere ndekha za miyezi itatuyi. Mwina akamva kwa ine akutsegulirani chitseko."

Bamboyo anasiya kupukuta m'maso, n'kuchita tsinya.

"Ndiye abwere kawiri? Mayi wa ngoziyo ndiye mkazi wanga wa ukwati." Anapukusa mutu modandaula. "Munthu woti ndinamusiya yekha ndi ana zaka ziwiri zapitazo, ndingadziwe bwanji kumene wakhala akuyenda?"