Zithunzi za Tithokoze

"Mayi, vayirasi ija yatheratu," anatero Jabir, wokonza makompyuta mumsika wa Ndirande, akuwatembenuzira laputopu yawo.

Mayi Makwinja anayamba kufunafuna zithunzi za mwana wawo Tithokoze, yemwe anakokoloka ndi matope a namondwe Freddy ku Manje. Mtembo wake sunapezeke, ndiye mayiwo ankamuonera m'kompyutamo basi.

"Achimwene, nanga mafoto a mwana wanga ali kuti?"

Jabir anakanda m'mutu. "Vayirasi inawononga mafayilo onse, ndiye ndangoifomata laputopuyi, ndafufuta zonse. Simunasunge pena?"

"Foni ndi alubamu zinapita ndi nyumba."

Pofuna kuwatonthoza, Jabir analoza kachizindikiro kobiriwira ka antivayirasi yatsopano.

"Komabe musadandaule, mayi. Mmene ndaitetezeramu, palibenso angakubereni kanthu."