Mulingo Wachisanu

Mtchona adagwada pa simenti natambasula tepi yoyezera, mlongo wake atagwira mbali inayo uku akufwenthera m'kampango.

"Gwirani bwino, achemwali. Misozi pambuyo."

Ntchito yake inali yoyeza mphamvu ya kamvulumvulu mwini wake atapita kale. Mphepo siigwirika, ndiye umaiweruza ndi zimene yasiya, monga umadziwira njala ya mlendo poona mbale. Ikathyola nthambi ndi kusasula malata angapo, umenewo ndi mulingo wapansi. Ikasesa nyumba yonse n'kusiya simenti yokha, umenewo ndi wachisanu, ndipo pamwamba pake palibenso wina.

Izi adakaphunzira kunja, kumene adapita kuti akakhale zaka ziwiri nakhalako makumi awiri ndi zitatu. Atabwerako adapeza ntchito ku ofesi ya zanyengo, komwe ana adzana adampatsa tebulo la kuseri kwa chitseko ndi kumamutcha Mtchona iye ali pompo. Uwu unali ulendo wake woyamba. Bwana adati lipoti lifike isanakwane thwelofu koloko, nawonjeza akumwetulira kuti, "Tione ngati mapepala akunjawo amaluma."

Ndiye mphepo imene idaomba dzulo lake, pa misewu yonse ya m'tauni, idasankha msewu umene iye adakulira.

Msewuwo adachita kuufunsira. Pomwe panali mtengo wamthunzi panali potsukira magalimoto. Sitolo ya mabuku adaisandutsa tchalitchi, ndipo tchalitchi chenichenicho chinkagulitsa matayala. Iye adangopukusa mutu, nayamba kulemba kuchokera pa ngodya. Chikwangwani chagwa, malata atatu asasuka: mulingo woyamba. Khola lapendekeka, nkhuku zili bwinobwino: woyamba. Adayamba kuyasamula. Lipoti lotere ngakhale mlonda wa pa geti akadalemba.

Kenako adafika pa nyumba ya malemu bambo ake, napeza nyumba palibe.

Mlongo wake, yemwe kwa masabata atatu ankamuuza pa foni kuti asabwere kaye chifukwa akupenta, adali ataima pamenepo, manja kumutu.

"Yapita, achimwene. Yonse. Ine ndinangomva kuti huu!"

Mtima udamuwawa, asaname. Apa ndi pamene panali khonde lomwe bambo ankakonzerapo wailesi imodzimodzi kwa zaka khumi osalira. Apo panali zenera lomwe iye ankawerengerapo mabuku obwereka mpaka maso kuyabwa. Nyumba imeneyi ndi imene ankailota kunja kuja chisanu chikamuluma m'mafupa. Koma katswiri mwa iye adadzuka msanga kuposa mwana wamasiye.

Panalibe njerwa ngakhale imodzi. Panalibe msomali, panalibe kachidutswa ka galasi. Zitsulo za m'makona zinali zitaduka mosalala ngati wadutsapo ndi sowo. Nyumba za mbali zonse ziwiri zinali chilili, makatani ali m'mazenera. Koma mabuku amanena zimenezi: kamvulumvulu ali ndi tsankho, amatenga nyumba iyi n'kusiya kapu pa tebulo la oyandikana nawo. Adaziwerengapo, adazionapo pa zithunzi, adakhozapo mayeso ake. Ndi maso anali asanazionepo.

"Mipando, achemwali? Kabati ya mayi ija?"

"Zonse, achimwene. Kumwamba."

"Nanga inu munali kuti?"

"Mulungu yekha, achimwene," adatero mlongo wake, nabisanso nkhope m'kampango.

Mtchona adajambula zithunzi khumi ndi ziwiri. Adalemba m'litali ndi m'lifupi mofulumira, ndipo sadafune kudzifunsa ngati chomufulumizitsacho chinali chisoni kapena chimwemwe. Pansi pake adalemba ndi zilembo zikuluzikulu: WACHISANU. Ofesi ija chikhalire inali isanaonepo wotere. Ana adzana aja akadafika pano akadangoti kalanga ine, n'kujambula nkhuku.

Adatumiza lipotilo kutatsala mphindi khumi. Yankho la bwana silidachedwe: "Zikomo, akatswiri. Musachoke, atolankhani ali m'njira."

Akatswiri! Adawerenga kawiri, nakonza kolala.

Tsidya la msewu, wometa wokalamba yemwe ankamumeta ali mwana adatuluka m'kanyumba kake, chipeso chili m'tsitsi. Adayang'ana, nayang'ananso, kenako adawoloka akuseka, mano atatsala atatu.

"Tiyeni, achimwene, dzuwa likuotcha," adatero mlongo wake mwachangu, akukoka tepi.

"Iwe! Mutu wa mabampu uwu ndi womwe uja? Tinkati unafera komweko!" Wometayo adamugwira dzanja ndi manja onse awiri. "Nanga ukuyeza chiyani pamenepa, mwana wanga? Ukufuna kumanga?"

"Ndikuyeza mphepo, madala. Imene yatenga nyumba ya bambo."

Wometayo adayang'ana simenti, nayang'ana mlongo uja, yemwe tsopano ankayang'anitsitsa mitambo mwachidwi.

"Mphepo iti? Nyumba iyi tinagwetsa ndife chaka chatha, atatituma achemwali akowa. Njerwa zinakamanga bala ya alamu ako. Yadzuloyi pano inangogwetsa zovala pa chingwe."

Pa ngodya, galimoto ya atolankhani idaliza hutala.